Liwu la 'Din': Kodi Phokoso Ndi la Yani?

Chingerezi chili ndi mawu ambiri onena za phokoso, koma lalifupi kwambiri mwa onsewo ndi lakuti 'din'. Lili ndi malembo atatu okha ndi phatikizo limodzi, moti munthu amalitha pakamwa pasanatseguke n'komwe bwinobwino. Mabuku otanthauzira mawu amagwirizana kuti 'din' ndi phokoso lalikulu, lopitirira kwa nthawi yaitali ndiponso losasangalatsa. Mfundo ziwiri zoyambazo sizivuta, pakuti kukula ndi kutalika kwa phokoso zimayezeka. Yovuta ndi yachitatuyo. Phokosolo ndi losasangalatsa kwa yani? M'chimangirizo chino ndilondola kumene liwuli lidachokera, momwe limagwiritsidwira ntchito, ndi zomwe landiphunzitsa za ife amene tidaphunzira Chingerezi mwa kufuula m'kalasi.

Tiyambe ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Mfuti ikalira kamodzi, Mngerezi satchula kuliraku kuti 'din'; ali ndi liwu lina lakuti 'bang'. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo, imeneyonso si 'din'. Kuti phokoso lifike pa dzina limeneli liyenera kukhalitsa, ndipo kawirikawiri limakhala losakanikirana. Taganizani za depoti ya mabasi nthawi ya kummawa: oitanira akukuwa mayina a malo, madalaivala akuliza mahutala, ogulitsa mandasi akutsatsa malonda, mlaliki naye wakweza chimkuzamawu chake pakona. Palibe liwu limodzi lomwe lapambana linzake, onse angosanduka chimtolo chimodzi chogwera m'khutu. Apa m'pamene liwuli limakhala pamalo pake. N'chifukwa chake timawerenga za 'the din of traffic', phokoso la magalimoto, kapena 'the din of battle', phokoso la nkhondo. Nthawi zambiri dzinali limakhala la chinthu chimodzi. Si kawirikawiri kuliona litachulukitsidwa. Limapezekanso kwambiri m'mabuku ndi m'manyuzipepala kusiyana ndi m'macheza a tsiku ndi tsiku, momwe anthu amangoti 'noise' kapena 'racket'.

Kapangidwe kamodzi komwe ndimakakonda ndi kakuti 'above the din', kutanthauza pamwamba pa phokoso. Mawu amenewa akapezeka m'chiganizo, dziwani kuti pali munthu wina amene akulimbana kuti amveke. Mwina ndi mayi akuitana mwana pamsika, mwina ndi wapampando akuyesa kukhazika bata pamsonkhano. Motero liwuli limagawa anthu pawiri: mmodzi amene mawu ake ndi ofunika, ndi chinamtindi chomwe mawu ake angokhala chotchinga.

Ife olankhula Chichewa tili ndi vuto lathulathu ndi liwu limeneli. Chiyankhulo chathu chili ndi malembo a liwu asanu okha, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa 'i' wamfupi wa mu 'din' ndi 'i' wotalika wa mu 'dean'. Kuwonjezera apo, lilime lathu silikonda kuthera liwu pa lembo lopanda liwu, choncho onse awiriwo timawatchula kuti dini. Wophunzira wa pa koleji akamati akupita kukaonana ndi a Dini, Mngerezi angaganize kuti akupita kukaonana ndi phokoso. Amene adakhalapo pamzere wa ku ofesi imeneyo sabata yolembetsa maphunziro anganene kuti kusiyana kwake n'kochepa.

Liwuli ndi lakale kwambiri. M'Chingerezi chamakedzana, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, linkalembedwa kuti 'dyne', ndipo lidali ndi mneni wake. Mneni ameneyu amapezeka m'ndakatulo yotchuka ya Beowulf, yomwe mpukutu wake wolembedwa pamanja cha m'ma 1000 ukusungidwa ku British Library mumzinda wa London. Mlakatuli adamugwiritsa ntchito pofotokoza momwe nyumba yaikulu ya mfumu, yotchedwa Heorot, idalindimira usiku umene ngwazi Beowulf idagwirana ndi chilombo chotchedwa Grendel. Pamenepo palibe kunyoza kulikonse. Ndi liwu la mantha ndi ulemu, lofanana ndi lathu lakuti kulindima. Anthu a ku Scandinavia akale adali ndi mbale wake wa liwuli, 'dynr', wa tanthauzo lomwelo.

Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a mbiri ya ziyankhulo amalumikiza tsinde lomweli ndi liwu la Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha ku India, lakuti 'dhvani', lotanthauza kulira kwa chinthu kapena kumveka kwake. M'zaka za m'ma 800, katswiri wina wa ku Kashmir dzina lake Anandavardhana adalemba buku lotchedwa Dhvanyaloka, momwe adagwiritsa ntchito liwuli kutanthauza tanthauzo lobisika la ndakatulo, lija lomwe mawu salinena poyera koma limatsalira m'maganizo monga momwe kulira kwa belu kumatsalira m'makutu. Taonani ana a mimba imodzi kusiyana njira. Kwina tsindelo lidabala phokoso lopanda tanthauzo, kwina lidabala tanthauzo lozama kuposa mawu. Ife a miyambi ndi zining'a sitingadabwe ndi ganizo la Anandavardhana, pakuti gogo akakuuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima sakhala akunena za nyengo.

Pali mawu ena olembedwa chimodzimodzi omwe alibe chibale ndi liwu lathuli. M'Chiarabu 'din' ndi chipembedzo, ndipo ndilo lili kumapeto kwa mayina monga Salah ad-Din. Chiswahili chidalibwereka n'kukhala 'dini'. Palinso DIN wa malembo akuluakulu, chidule cha dzina la bungwe loona za miyezo ku Germany, lomwe mu 1922 lidakhazikitsa kukula kwa mapepala. Pepala la A4 lomwe timalembapo ntchito zathu, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, lidachokera kumeneko. Izi ndangozitchula kuti wina asasokonezeke akazipeza.

Tibwerere ku funso lija: losasangalatsa kwa yani? M'sewero la William Shakespeare lotchedwa The Taming of the Shrew, lolembedwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1590, muli mwamuna wotchedwa Petruchio amene wabwera mumzinda wa Padua kudzafuna mkazi wachuma. Anthu akumuchenjeza kuti Katherina, mkazi amene akumufunayo, ndi wolongolola. Iye akuyankha modzitama kuti adamvapo mikango ikubangula, nyanja ikuwinduka ndi mizinga ikugunda kunkhondo, kotero lilime la mkazi silingamuopse. Liwu lomwe akutchulira kulankhula kwa Katherina ndi 'din'. Apatu n'kuti asanaonane naye n'komwe, asanamve ngakhale chiganizo chimodzi chotuluka pakamwa pake. Wagamuliratu kuti chilichonse chomwe mkaziyo anganene ndi phokoso chabe. Ukatcha mawu a mnzako kuti phokoso, wadzimasula ku udindo womuyankha.

Mawu ena a Chingerezi a m'banja limeneli ali ndi mbiri yonga yomweyi. Akatswiri ambiri amati 'hubbub' lidachokera ku mfuu ya anthu a ku Ireland, yomwe Angerezi a m'zaka za m'ma 1500 ankaimva koma osaimvetsa. 'Uproar' lidachokera ku liwu la Chidatchi lakuti 'oproer', lomwe tanthauzo lake lidali kuukira boma. Angerezi adalimva ngati 'roar', kubangula, ndipo pang'onopang'ono kuukirako kudangosanduka phokoso. 'Bedlam' ndi katchulidwe ka anthu wamba ka dzina la Bethlem, nyumba ya chipembedzo yomwe idakhazikitsidwa ku London mu 1247 ndipo pambuyo pake idakhala chipatala cha odwala misala. Mpaka chaka cha 1770 anthu ankaloledwa kulowamo kukaonerera odwalawo ngati chionetsero. Kulira kwa anthu ovutika kudasanduka liwu loseketsa lonenera chipwirikiti. Ngakhale Agiriki akale ankatcha mlendo kuti 'barbaros' chifukwa m'makutu mwawo chiyankhulo chake chinkangomveka kuti ba-ba-ba. Mlendo, woukira, wodwala, mkazi: awa ndiwo anthu amene mawu awo adabala mayina a phokoso.

Nkhaniyi si yakale yokha ayi. Mu 2010, pomwe mpikisano wa mpira wa dziko lonse udachitikira ku South Africa, lipenga la pulasitiki lotchedwa vuvuzela lidautsa mapiri pachigwa. Osewera ena ochokera kunja ankadandaula kuti sakumvana pabwalo, ndipo nyumba zoulutsira mawu za ku Ulaya zinkalandira madandaulo a oonera. Sepp Blatter, amene pa nthawiyo adali mtsogoleri wa FIFA, adakana kuletsa lipengalo ponena kuti ndi mbali ya kasangalalidwe ka eni dziko. Koma chaka chomwecho bungwe la UEFA lidaliletsa m'mipikisano yake ya ku Ulaya. Kwa wokhala pampando ku Manchester lidali 'din'. Kwa wolipenga pa bwalo la Soccer City ku Johannesburg lidali chimwemwe choti mpira wafika kwathu. Lipenga ndi lomwelo, makutu ndiwo osiyana.

Nanga Chichewa chimati bwanji? Wotanthauzira wofulumira angalembe kuti phokoso n'kupitirira. Koma chiyankhulo chathu sichiika kulira konse m'thumba limodzi. Mathithi ndi mvula yobwera patali zili ndi mkokomo. Mapazi a anthu othamanga ali ndi mdidi. Mudzi ukagwa zoopsa pamamveka mkuwe, ndipo aliyense womva amatuluka ndi chomwe wagwira. Amayi paukwati amaimba nthungululu. Bingu limagunda, mkango umabangula, ng'oma imalira. Pamwamba pa zonsezi tili ndi mvekero, chuma chomwe Chingerezi chili nacho chochepa: chinthu chimagwa kuti khu, chimaphulika kuti phu, ndipo anthu amakhala chete kuti zii. Mawu ambiri mwa amenewa amanena gwero la kulirako kapena ntchito yake. Palibe Mmalawi wolongosoka amene angafike pasiwa, amayi akulira maliro, n'kunena kuti pano pali phokoso, ngakhale kulirako kukumveka kutsidya kwa mtsinje. Liwu la phokoso timalisungira kulira kosafunika. Lilinso ndi tanthauzo lachiwiri: tikati m'banja mwa auje muli phokoso, tikunena mkangano, ngakhale eni akewo akukangana monong'ona. N'zochititsa chidwi kuti liwu la 'noise', lomwe Angerezi adalitenga ku Chifalansa chakale, nalonso kumeneko linkatanthauza mkangano. Choncho wotanthauzira akakumana ndi 'din' ayenera kuyamba waona ngati wolembayo akuipidwa kapena akuchita mantha. Akaipidwa, ndi chiphokoso. Akachita mantha, mwina ndi mkokomo kapena kulindima.

Tsopano ndifike pa ntchito yachiwiri ya liwuli, yomwe imandikhudza kwambiri. 'Din' ndi mneninso. Mngerezi akati 'to din something into someone' amatanthauza kubwereza chinthu mokweza, kawirikawiri, mpaka chikhazikike m'mutu mwa womvayo, afune asafune. Ndi kukhomerera mawu ngati msomali. Tsiku lomwe ndidaliwerenga tanthauzo limeneli ndidazindikira kuti ndapeza dzina la momwe ndidaphunzirira ku pulayimale.

Kuyambira mu 1994, pomwe boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo pofika nthawi yathu makalasi adali adakali odzaza. Ife tidalipo opitirira 100 m'chipinda chimodzi, ena pansi, ena pazenera. Mabuku adali ochepa. Aphunzitsi athu, mayi wa mawu amphamvu, ankalemba chiganizo cha Chingerezi pabolodi, n'kuloza ndi ndodo, ife n'kufuula pamodzi. "Kachiwiri!" Ife n'kufuulanso. "Sindikumva, anawa simudadye phala?" Apo ndiye denga la malata linkanjenjemera. Kalasi loyandikana nalo linkafuula matebulo a masamu, lina pansi pa mtengo wa mango likuimba masiku a pasabata. Munthu wodutsa pamsewu akadalemba kuti sukuluyo idali 'din' yeniyeni. Koma palibe amene ankatcha zimenezi phokoso. Kumeneko kudali kuphunzira.

Phokoso lidali lina. Aphunzitsi akatuluka, monitala ankang'amba pepala n'kulemba pamwamba pake kuti 'Noise Makers'. Amene dzina lake lagwera pamenepo ankatsala kutchetcha udzu kapena kukolopa. Titafika Sitandade 5, pomwe maphunziro onse kupatula Chichewa ankaphunzitsidwa m'Chingerezi, padabwera lamulo loti m'kalasi musamveke chiyankhulo cha makolo. Kuyambira pamenepo ndidaona kuti wolembedwa papepala lija sadali wokweza mawu ayi. Mnzanga wina wa pabenchi, mtsikana wofatsa amene samu zinkamuyenda, ankandinong'oneza m'Chichewa momwe tingagawire nambala zazitali. Iye ndiye ankalembedwa. Mnyamata wina amene ankakuwa mawu a Chingerezi omwe adatola pa wailesi, osadziwa n'komwe tanthauzo lake, sankalembedwa. Kunong'ona kwa tanthauzo kudali phokoso. Kukuwa kopanda tanthauzo kudali khama.

Sindikunena izi pofuna kunyoza aphunzitsi athu. Munthu mmodzi, choko chimodzi, ana 100: kupatula kufuulitsa pamodzi akadachitanso chiyani kuti aliyense atsegule pakamwa? Ndipo zomwe adatikhomererazo zidakhaladi. Mpaka lero wina atandidzutsa pakati pa usiku ndingamuuze kuti 7 kuchulukitsa ka 8 ndi 56, ndipo aneni osatsata lamulo a Chingerezi amatuluka okha pakamwa panga ngati pemphero. Kubwereza kuli ndi malo ake. Ngakhale gule timamuphunzira mwa kubwereza. Koma kukhomerera kumalowetsa chigoba cha liwu, nyama yake n'kutsala panja. Ziganizo zambiri zomwe tinkafuula ndidadzamva tanthauzo lake patapita zaka, ndipo anzanga ambiri adasiya sukulu asanafike pamenepo. Chomwe chikadawathandiza ndi kunong'ona kuja, komwe kunkalipitsidwa ndi chikwakwa. Ife amene tikuphunzira za ziyankhulo, ambiri mwa ife tidzaima kutsogolo kwa makalasi otere. Tidzayenera kusankha chomwe tidzachitche phokoso.

Komabe ndingakhale ndikunama nditanena kuti phokoso lonse lili m'maganizo a womva. Lilipo lina lomwe silifunsa maganizo a munthu. Amalume anga adagwira ntchito pachigayo cha dizilo kwa zaka zambiri, kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa, opanda chotseka m'makutu. Iwo phokosolo sankadana nalo. Ankati chigayo chikakhala chete ndiye kuti kunyumba kugona ndi njala. Masiku ano ndikapita kukawaona ndimayenera kukhala moyang'anana nawo. "Mphwanga, kweza mawu," amatero, "m'makutu muno chigayo chija sichidazime." Kumaliro ndi kumisonkhano ya mudzi amangokhala duu, chifukwa anthu akalankhula ambiri nthawi imodzi iwo satolapo kanthu. Munthu amene kale ankaweruza nawo milandu ya pabanja tsopano amangogwedeza mutu.

Asayansi amayeza kukula kwa phokoso ndi muyezo wa madesibelo, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Kucheza wamba kumakhala pafupifupi madesibelo 60. Bungwe la ku America loona za umoyo wa anthu pantchito, la NIOSH, limalangiza kuti munthu asapitirire maola 8 pa tsiku m'phokoso la madesibelo 85, ndipo phokosolo likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo idulidwe pakati. Ndiye kuti pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola awiri, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Vuvuzela uja, akamuyeza pafupi, amapitirira 120. M'katikati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo timeneti tikafa sitimeranso. Choncho pa nkhani ya lipenga lija onse awiri adali ndi mfundo: lidalidi chikhalidwe, ndipo linkathadi kuononga makutu a eni chikhalidwecho. Akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Amalume anga andiphunzitsa kuti nthawi zina chong'ambika si ng'oma koma khutu la woyandikana nayo.

Apa m'pamene ndimaona kuti liwuli timaligwiritsa ntchito mozondoka. Phokoso lenileni, la chigayo, la jenereta, la zimkuzamawu zokesa usiku wonse, la tizipangizo tomwe achinyamata timadzitsekera nato m'makutu, timalipirira chifukwa limabweretsa ndalama kapena chisangalalo. Koma mawu a anthu amene akutiuza zomwe sitikufuna kumva timafulumira kuwatcha phokoso. Ogwira ntchito akadandaula za malipiro, ophunzira akafunsa za chakudya, mkazi akafunsa kumene ndalama za fodya zapita, yankho limakhala lakuti akungosokosa. Pomwe makolo athu ankadziwa kuti chetechete sautsa nyama.

Pomaliza, anzanga amene mudzakumane ndi liwu la 'din' m'buku kapena papepala la mayeso, kuloweza kuti ndi phokoso lalikulu n'kokwanira kupezera malikisi. Koma wowerenga wabwino apitirire pamenepo. Afunse kuti akulankhulayo waima pati, ndipo amene ali m'kati mwa phokosolo akadalitcha chiyani. Akapeza kuti ndi makina, magalimoto kapena mizinga, liwulo lanena zoona, ndipo chofunika ndi kuteteza makutu. Akapeza kuti ndi anthu, atchere khutu pang'ono asanavomereze, chifukwa mwina m'chinamtindimo muli wina amene akufotokoza samu molondola, kungoti akuifotokoza m'chiyankhulo chomwe wolemba mayina sadachilole.